Boti pa Chitunda cha Matope

Sesiliya anayamba kutentha thupi mkati mwa dzinja, nthawi yothyola fodya, pamene aliyense pamudzi manja amakhala akuda ndi utomoni. Anali asanakwane zaka ziwiri. Ndinampatsa panado, thupi linazizira, kenako linatenthanso kuposa poyamba. M'mawa wa tsiku ndikunenali anakana bere. Ndinamutambasula kadzanja, ndinapeza chikhatho chayera mbuu, ndipo nditamutsegula chikope munalibe kufiira ngakhale pang'ono.

Bambo ake anali ku esiteti ku Kasungu, foni yawo yosapezeka. Ine ndinatengedwa chitengwa, kwathu ndi ku Dowa, ndiye pamudzipo wanga weniweni panalibe. Apongozi aakazi mwendo unali wotupa, sakanatha kuyenda. Anatsala apongozi aamuna. Chikwatiwire changa ndinali ndisanalankhule nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'tchire n'kugwada, iwo amayang'ana kumbali akuwomba m'manja, basi moni watha. Mawu ena onse amadzera mwa akazi awo. Tsiku limenelo anavala jekete lawo la kutchalitchi, anaika kolona m'thumba, n'kuuza akazi awowo kuti andiuze kuti ndibereke mwana tizipita.

Tinayenda wapansi mpaka kwa Kasakula, iwo patsogolo patali ndithu, ine m'mbuyo ndikuthamanga pang'ono, kuima, kumvetsera kupuma kwa mwana kumsana, kuthamanganso. Pamtsinje madzi anali olekeza m'mawondo. Anawoloka, anakaima tsidya atandifulatira kuti ndikwinye chitenje momasuka, ndipo sanacheuke mpaka atamva mapatapata anga akulira pamchenga.

Kuchipatala chaching'ono anamubaya Sesi pachala, anati ndi malungo, anampatsa jakisoni. Koma adokotala atamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa nkhope yawo inasintha. Anati magazi achepa kwambiri, kuno sitiika magazi, mwanayu afike kuchipatala chachikulu ku Ntchisi lero lomwe, osati mawa. Ambulansi inali itanyamuka m'mawa ndi mayi wina wapakati amene zinamuvuta, ndipo ndi mmene msewu unalili sankadziwa ngati ibwerere tsiku lomwelo. Anafunsa ngati pali wachibale woti akapereke magazi. Apongozi anayankhira pakhomo kuti alipo, ndi iwowo.

Tinakadikira galimoto pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu. Silinali tsiku la msika. Mvula inkawaza, kusiya, kuwazanso. A kabaza anali ataunjikana pansi pa mango ndi njinga zawo zamoto. Mmodzi anatitchulira ndalama yoti ngakhale mbuzi siikanakwana, koma asanamalize kulankhula anatulukira mnzake kuchokera njira ya ku Boma, matope mpaka m'makutu, akuti wagwa pachitunda chachikulu chija ndipo sabwererakonso ngakhale mutampatsa ng'ombe. Ndinaganiza zogwa ndi mwana kumsana, za kabaza ndinazisiya.

Pakhondepo panali mayi wina wonenepa wa geni ya mtedza, anthu ankamuitana kuti Nachisale. Anali atakhalira matumba ake a mtedza wa chaka chatha umene anausunga kuti mitengo ikwere. Anavundukula nsalu, anamuyang'ana Sesi. Anangotulutsa nthochi n'kundiuza kuti ndidye, mwana safuna mayi wokomoka. Panalinso amuna atatu opita ku Boma. Mmodzi anali wolongolola, wa chipewa chachikopa, anzake ankamutchula kuti a Tcheya. Apongozi anakakhala kumapeto kwa khonde, kolona ili m'manja.

Ndinadikira mpaka maso kuwawa ndi kuyang'ana msewu. Inadutsa ngolo ya ng'ombe, inadutsa njinga ya makala, kenako zii. Sesi ankabuula pang'onopang'ono ngati kamwana ka mbuzi. Ndinayesa kumupatsa bere, anangoligwira ndi milomo n'kulisiya.

Chakumasana tinamva kulira kwa galimoto kuchokera kumunsi, njira ya kwa Mwansambo. Inatulukira pikapu yoyera, kumbuyo ikukoka ngolo yaitali ya matayala awiri, pangolopo atakweza boti. Ine boti ndinali nditangoliona pachithunzi m'buku la kusukulu. Linali lalitali kuposa galimoto yomwe inkalikokayo, mphuno yake yosongoka itayang'ana kumwamba. Anthu anatuluka m'magolosale kudzaona.

"Mwasochera achimwene, nyanja mwaisiya kumbuyo," anatero a Tcheya. "Kapena mwamva kuti Nowa ndi wa kuno kwa Kasakula?"

Dalaivala anali bambo wochepa thupi wa ku Nkhotakota, dzina lake a Twaibu. Anati boti ndi la abwana awo, akupita nalo ku Lilongwe kokakonzetsa, ndipo adzera kumapiri kuno chifukwa msewu wa m'mbali mwa nyanja madzi asefukira pamlatho. Anati angoima kuti afunse njira, saloledwa kunyamula anthu. Nachisale sanatsutsane nawo. Anandikoka dzanja mpaka pawindo n'kuvundukulanso nsalu ija. A Twaibu anayang'ana, anapukusa mutu, anati kwerani.

Kumbuyo kwa pikapu kunali injini ya boti ndi zigubu, malo otsala anali a anthu okha, ndiye matumba a mtedza anawaponya m'boti. Ena aja analipira monga amalipirira matola. Apongozi atatulutsa kandalama kawo, a Twaibu anakabweza. Anati mayi wa mwana ndi akuluakuluwo akhale kutsogolo. Apongozi anakana, anakwera kumbuyo. A Twaibu anadabwa, anati mvulatu iyi bambo. A Tcheya ndi amene anawamasulira kuti munthu ndi mpongozi wake sakhala mpando umodzi, mwina kunyanja kwanuko. Kutsogolo kunakhala ine ndi Nachisale, ine pakati, mawondo atapanikizika.

Za m'njira sindinaone zambiri. Ndikukumbukira zigafa za fodya, chimanga chitamasula ngayaye, ndi phiri la Ntchisi litabisala mumtambo. Maso anga anali pachifuwa cha mwana, kuona ngati kansalu kakukwera ndi kutsika. Galimoto inkayenda chokwawa, ndipo pokhota paliponse boti linkatikoka chammbali, a Twaibu n'kumalankhula okha. Pamalo ena madzi anali atakumba msewu, amuna anatsika kukaika miyala. Powoloka pamenepo kagudumu kakang'ono ka kutsogolo kwa ngolo, kamene amati kamachirikiza ngoloyo ikamasulidwa, kanagunda mwala n'kuthyoka. A Twaibu anakatola, anakayang'ana, anakaponya m'boti.

Kenako tinafika pachitunda chimene wa kabaza uja ankanena. Ndi chachitali, dothi lake lofiira, loterera ngati sopo. Tinakwera mpaka chapakati, matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi. Amuna anatsika kukankha, anangothiridwa matope kumaso. Anathyola nthambi n'kuika pansi pa matayala, zinangolavulidwa kumbuyo. A Tcheya anati matayala akumbuyo apepukidwa, tisunthire matumba onse kumphuno kwa boti kuti galimoto ilemedwe igwire pansi. Onse anavomera kuti ndi nzeru, anasuntha. Galimoto inalira, inasendera pang'ono, kenako ngolo inayamba kutsetsereka chammbali kulowera kungalande. A Twaibu anazimitsa injini.

Anati palibe chochita, tidikire dothi liume. Apongozi, amene chikwerere galimoto anali asanalankhule, anafunsa ngati galimoto payokha, popanda boti, ingakwere. A Twaibu anati ingakwere bwinobwino, koma boti sangalisiye pathengo. Likabedwa kanthu kapena ana akaliboola ndi miyala, ntchito yawo yatha, ndipo nawonso ali ndi ana kunyumba. Ndinawamvetsa, koma mtima wanga unkangoti siyani, siyani, siyani. Pakamwa sindinatsegule.

"Mtedza wanga uli m'botimo, ndipo ine sindisiyana nawo," anatero Nachisale. "Ndikhala momwemo mpaka mubwere. Wofuna kuba boti ayambe wanyamula ine."

A Twaibu anayang'ana Nachisale, anayang'ana ine, anapukuta manja pathalauza, anati chabwino, kafuneni miyala ikuluikulu. Amuna anaika miyala kumbuyo kwa matayala a ngolo kuti isabwerere kumunsi.

Kumbuyo kwa galimoto kuli chitsulo chobulungira ngati dzira la bakha. Ngolo ili ndi mkono wautali, kumapeto kwake kuli kachikho kachitsulo kovindikira dziralo, pamwamba pali chogwirira. A Twaibu anati ukakoka chogwiriracho n'kunyamula, zimalekana zokha, si ntchito yochedwetsa. Anakoka, ananyamula, osatheka. Anabwera amuna onse, anagwira mkono wa ngolo, anawerengera limodzi n'kunyamula. Kumbuyo kwa galimoto kunanyamuka nawo pang'ono, koma kachikho kanaluma dzira lija osalisiya. Anathira oyilo. Anamenya ndi sipanala ya matayala mpaka m'makutu mwanga munalira. Anatulutsa jeke, jekeyo inangomira m'matope, anaika mwala pansi pake, mwalawo unatsetsereka. A Tcheya anati mwina ndi dzimbiri la kunyanja, mwina ndi abwana anu anatsirika kuti musamanyamule matola. Palibe anaseka. Anatinso tikafune sowo yodulira zitsulo. A Twaibu anati kusiya boti avomera, koma kudula ayi.

Nthawi inkapita. Mvula inayambanso, tsopano yamphamvu. A Twaibu anakwera wapansi pamwamba pa chitunda kukasaka netiweki kuti afunse makaniko wawo. A Tcheya ndi anzawo awiri aja analowera kumudzi wapafupi kukabwereka mtengo wa bulugamu woti atukulire chitsulocho. Ine ndinali ndekha m'galimoto, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti Sesi wasiya kubuula. Maso anali otsegula theka, akuda osaoneka. Ndinaika tsaya langa pamphuno pake, mpweya unalipo koma wochepa ngati wa mwanapiye. Ndinamutchula dzina, osagwedezeka. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria, mawu anandisokonekera pakati. Sindinathe kukhalanso pampando. Ndinamumanga pachifuwa, ndinafunda chitenje kumutu, ndinatsika.

Kumbuyo kunali apongozi okha, atanjuta pafupi ndi chitsulo chija, jekete la kutchalitchi lili chonyowa. Ndinaima chapatali monga mwa nthawi zonse. Nachisale anali atazungulira kumatako kwa boti kuti akwere akafunditse matumba ake ndi lona. Atangoponda ndi thupi lake lonse kumbuyoko, ndinamva chitsulo chikulira kwii, ndipo ndinaona mphuno ya boti ikudzuka pang'ono. Kachikho kaja kanakwera, pansi pake panaoneka kampata, dzira likunyezimira ndi oyilo. Apongozi anaona kampatako koma sanaone chimene chakatsegula, chifukwa boti linawatchinga. Analowetsa zala kuti amve chimene chikugwira. Ine ndinkaona zonse ziwiri. Ndinaona Nachisale akuyamba kuyenda m'botimo kubwera kutsogolo kumene kunali matumba.

Woti ndimutume panalibe.

"Bambo, chotsani dzanja!"

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinawagwira kolala ya jekete n'kukoka, anakhala pansi m'matope, ndipo chitsulo chinatsika gwa, pomwe panali zala zawo.

Manyazi anandigwira. Ndagwira apongozi, ndawagwetsa, ndawakuwira ngati mwana. Ndinagwada m'matope momwemo, mwana pachifuwa, mawu osatuluka. Iwo anayang'ana zala zawo, kenako anayang'ana pansi.

"Lankhulani, mayi ake a Sesi. Ndikumva."

Ndinalankhula mothamanga, mawu akupondana. Ndinati mayi aja atakwera kumbuyo chitsulo chinadzuka, atabwera kutsogolo chinatsika, ndiye mwina si dzimbiri, mwina ndi kulemera, matumba onse ali kumphuno. Apongozi anati inde, ngolo ya ng'ombe imateronso. Katundu akachuluka kutsogolo goli limakanikiza ng'ombe pakhosi, sungamasule. Ndipo ikaima pachitunda imakoka chambuyo, umayenera kubweza ng'ombe phazi limodzi kuti chingwe chifewe. Anati matumbawo tinawasuntha tokha ndi manja athu, n'kuiwala.

Anaimirira n'kuitana anthu ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. A Twaibu anatsika chothamanga, a Tcheya ndi anzawo anatulukira atasenza bulugamu. Apongozi anawauza kuti autaye, mayi ake a mwana aona pamene pali vuto. A Tcheya atamva anavula chipewa n'kudzimenya nacho pabondo, anati amuna anayi oti tinakulira pangolo, tapusitsidwa chifukwa ngoloyi yavala boti.

Anakokera matumba onse kumatako kwa boti. Nachisale anakhala pamwamba pake, a Tcheya ndi anzawo anakwera n'kukhala pambali pake. Anaonjezera miyala kumatayala. A Twaibu analowa m'galimoto kuti aibweze pang'ono chabe. Apongozi anaima chammbali, anagwira chogwirira chija ndi dzanja lotambasula. Ine anandiuza kuti ndiime pamtumbira pamene a Twaibu angandione pagalasi, ndikaona kachikho kafewa ndikweze dzanja. Anandiuza okha, osadzera mwa munthu.

Galimoto inabwerera pang'ono. Chitsulo chinalira. Ndinakweza dzanja, a Twaibu anaponda buleki, apongozi anakoka. Mkono wa ngolo unadumphira m'mwamba, matako a boti anamenya pansi, a Tcheya anagwa chagada miyendo m'mwamba pakati pa matumba. Ngolo inagwedezeka, inatsamira miyala ija, inaima.

"Ndakwera boti kamodzi kokha, ndipo ndamira pamtunda," anatero a Tcheya akutuluka.

Panalibe nthawi yoseka. Nachisale anandiponyera chitenje chouma kuchokera m'chikwama chake, anati ndimufunditse mwana, tizipita, za kutsanzikana zisiyeni. Amuna anakankha, galimoto inapalasa matope, inagwedeza matako uku ndi uku, inakwera. Pamwamba anadumphiramo ikuyenda. Nditacheuka ndinaona boti litayang'ana kumwamba pakati pa msewu, Nachisale atakhala m'menemo ndi lona kumutu.

A Twaibu anaitananso apongozi kuti abwere kutsogolo, malo alipo tsopano. Anakana, anakhala kumbuyo konkuja pamvula. Koma titayenda pang'ono ndinamva kugogoda pagalasi la kumsana kwanga. Anali iwo, nkhope itayandikira.

"Akupuma?"

Ndinagwedeza mutu kuti inde. Anagogodanso pamene tinkadutsa pasukulu ina, anagogodanso titayamba kuona nyumba za malata za ku Boma, ndipo nthawi zonse funso linali lomwelo.

Popanda boti galimoto inkathamanga ngati yapepukidwa mtima. Tinafika ku Ntchisi dzuwa lisanalowe. A Twaibu anatifikitsa pakhomo penipeni pa chipatala. Namwino anangomuona Sesi n'kundilanda, osafunsa zambiri, ine ndikuthamanga pambuyo pake matope akugwa m'chitenje. Anavutika kupeza mtsempha, anaupeza paphazi. Anapachika thumba la magazi, apongozi anawatengera kuchipinda china kukapereka awo. Pamene ndinakumbukira zotuluka kuti ndikathokoze a Twaibu, anali atabwerera kale kuboti lawo. Iwo ndi Nachisale sindinawaonenso.

Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana magazi akudontha m'kachingwe. Namwino anati ndisamangomugwiragwira, ndimusiye apume, koma dzanja linkapita lokha. Tsiku lotsatira chikhatho chinayamba kufiira pang'ono, koma anali chigonere, osalira, osayamwa. Apongozi ankagona kumalo a odikira odwala, ndipo chifukwa m'chipinda cha ana saloleza kulowa nthawi iliyonse, ankabwera kudzaima panja pawindo.

M'mawa wina ndikumupukuta kumaso ndi kansalu konyowa, Sesi anatsegula maso onse, anakwinya nkhope, anakankha dzanja langa. Kenako analira. Kulira kwenikweni, kokwiya, mpaka mayi wa bedi loyandikana anadzuka. Ndinamunyamula msanga, ndikumasula bulauzi kuti ndimutseke pakamwa ndi bere asadzutse ana a eni. Pawindo panagogodedwa. Apongozi anali ataima pamenepo, chipewa chili m'manja.

"Musamutonthoze msanga," anatero. "Ndimumve kaye."